Dima Kapena Thangata?

M'bokosi langa la mabuku muli kalata ina imene yayamba kufiira ndi ukalamba. Adandilembera ndi a hedimasitala a pasukulu ya sekondale imene ndidaphunzirapo, pamene ndinkatsiriza Fomu 4 m'chaka cha 1979. Kalatayo ikuchitira umboni kuti ndidali mnyamata womvera, kuti ndinkasewera mpira, kuti ndidachitako zisudzo, ndiponso kuti ndidali wodzipereka pa ntchito zothandiza anthu a m'midzi yozungulira sukulu. Mawu otsirizawa ndiwo akhala akundisowetsa mtendere zaka zonsezi. Sikuti a hedimasitala adanama, iyayi. Ntchito ndidagwiradi, matuza adatuluka m'manja mwangamu. Koma funso limene ndikufuna kuti tilisinkhesinkhe pamodzi ndi ili: kodi munthu amene wathandiza mnzake chifukwa chakuti walamulidwa kutero, tinganene kuti wathandizadi? Nanga ngati sadathandize, chimene adachitacho tichitche dzina lanji?

Kwa inu amene mudabadwa posachedwapa, ndiyambe ndafotokoza mmene zinthu zidalili. Pa nthawi ya ulamuliro wa Dr. H. Kamuzu Banda, kuyambira m'chaka cha 1968, kudali mwambo wa Sabata ya Achinyamata. Chaka ndi chaka, mvula ikamapita kumapeto, ana a sukulu pamodzi ndi Apayoniya ndi anthu a m'midzi ankasiya zina zonse nkukagwira ntchito zachitukuko: kulambula ndi kukonza misewu, kumanga milatho ya mitengo, kuumba njerwa za masukulu ndi zipatala, kusesa m'misika. Mwambowu udazilala pamene ndale za dziko zidasintha, itachitika referendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994. Pasukulu pathu padalinso makalabu osiyanasiyana amene ankakumana masana tikaweruka: a zisudzo amene ankakonzekera mpikisano wa ATEM, a Red Cross, a zachilengedwe, a mtsutso, a kwaya, ndi magulu a mapemphero monga SCOM ndi YCS. Makalabu munthu ankasankha yekha, ngakhale kuti lamulo lidati aliyense akhale ndi kalabu yake. Koma Sabata ya Achinyamata sidali yosankha. Belu likalira, aliyense ankatenga khasu, chikwanje kapena ndowa, ndipo wodwala yekha ndiye ankatsala ku hositelo.

M'chaka cha 1978 ife a Fomu 3 tidapatsidwa ntchito yomangira nyumba gogo wina wamasiye wa m'mudzi umene udali kuseri kwa bwalo lathu la mpira. Gogoyo ankakhala yekha m'kanyumba kopendekeka, pansi pa mtengo waukulu wa mango, kutali pang'ono ndi msewu. Amene adagwirizana za ntchitoyi adali aphunzitsi athu, a nyakwawa ndi akuluakulu a chipani a m'deralo. Iwo ndiwo adasankhanso malo: m'mbali mwenimweni mwa msewu, kuti alendo odzayendera ntchito za sabatayo adzaione bwino ali m'galimoto. Tidadula nsichi ndi phaso, tidafundula luzi, tidaponda dothi, atsikana adatunga madzi kuchitsime mpaka makosi kuwawa. Tinkaimba uku tikumata zipupa, ndipo sindinganame, zidali zosangalatsa kusiyana ndi kukhala m'kalasi kuloweza malamulo a galamala. Gogo uja ankakhala pamphasa chapatali, akutiyang'ana. Tsiku lina adaitana mmodzi wa ife nati, "Mwana wanga, udzu umenewu ngwauwisi. Udzu wofolera amamweta chilimwe." Mnyamatayo adaseka nati, "Musadandaule agogo, aphunzitsi akudziwa." Adatinso gogoyo, "Nanga khomolo bwanji lapenya kumwera?" Palibe amene adamuyankha, pakuti sabata idatsala ndi masiku awiri ndipo nyumba idayenera kutha.

Nyumba idatha. Alendo adabwera, adayamikira, ife tidaomba m'manja. Gogo adamuimika pakhomo, adathokoza mwaulemu monga mmene munthu wamkulu amachitira pamaso pa mafumu. Koma patapita miyezi itatu, tikupita kokathamanga mtunda wautali, tidadutsa pamsewu uja. Denga lidali litaphwa ndi kutsetsereka, mphepo ya mwera inkalowa pakhomo ngati kwawo, ndipo m'nyumbamo munkagona mbuzi za mnansi wake. Gogo adali akadali m'kanyumba kake kopendekeka, pansi pa mango amene adabzala malemu amuna ake. Anzanga ena adakwiya nati nkhalambayo njosayamika. Ine ndidangoti chete, koma mumtima ndidagwirizana nawo.

Tsono apa ndipo pali nkhani. Chilankhulo chathu chili ndi mawu awiri amene amafotokoza ntchito yogwirira munthu wina popanda malipiro a ndalama, ndipo mbiri ya mawu awiriwa ikhoza kutiunikira. Mawu oyamba ndi dima. Munthu akaona kuti munda wamukulira, ankafulula mowa kapena kuphika thobwa, naitana anansi ake. Anthu ankabwera ndi makasu awo m'mamawa, ankalima mpaka dzuwa kufika paliwombo, kenaka nkukhala pansi kumwa ndi kudya. Mawa lake kapena sabata yamawa dima linkakhala kwa wina. Mawu achiwiri ndi thangata. Poyamba mawuwa adali abwino ndithu, pakuti kuthangata ndiko kuthandiza. Koma atafika azungu a minda ikuluikulu ku mapiri a Shire, m'maboma monga Thyolo, Mulanje, Chiradzulu ndi Zomba, mawuwa adasanduka chinthu china. Anthu okhala pa malo amene mzungu adati ngake ankakakamizidwa kumugwirira ntchito m'malo mwa lendi, kawirikawiri mwezi umodzi wa lendi ndi mwezi wina wa msonkho wa nyumba, ndipo miyeziyo eni minda ena ankaitalikitsa mmene afunira. Ntchitoyo inkafunika nthawi ya dzinja, pamene munda wa mwini wakeyo unkafunanso khasu. Nkhanza za thangata pa minda ya A. L. Bruce ku Magomero zidali chimodzi mwa zifukwa zimene John Chilembwe ndi anthu ake adaukira pa 23 Januwale 1915, ndipo mchitidwewu sudathe mpaka m'chaka cha 1962. Agogo anga aamuna adagwirako thangata ali mnyamata. Mpaka imfa yawo, munthu akawauza kuti "ndabwera kudzakuthangatani," nkhope yawo inkayamba yachita mdima asanamwetulire.

Onani tsono mmene mawu amodzi adagawikira pawiri. Kwa nthawi yaitali ine ndinkaganiza kuti kusiyana kwa dima ndi thangata nkwapafupi: dima nlodzifunira, thangata ngwokakamiza. Ndipo potsata maganizo amenewa ndidaweruza kuti zimene tinkachita pa Sabata ya Achinyamata zidali thangata wovala yunifolomu ya sukulu. Nditafika ku yunivesite ndidapeza wondichirikiza. Immanuel Kant, katswiri wa nzeru zakuya wa ku Königsberg, m'buku lake la m'chaka cha 1785 adaphunzitsa kuti ubwino weniweni wa ntchito suli m'zotsatira zake koma mu cholinga cha woichitayo. Wochita chabwino chifukwa choopa chilango kapena chifukwa choyembekeza mphotho wachita chinthu chooneka bwino, koma sitingamutamande kuti ndi munthu wabwino. Ndidadziyesa ndi muyeso umenewu ndipo ndidapezeka woperewera. Ndidaponda dothi lija chifukwa mayina ankaitanidwa m'mawa ndi madzulo, ndiponso chifukwa ndinkadziwa kuti tsiku lina ndidzafuna kalata ya umboni. Gogo uja sadali m'maganizo mwanga konse. Akadatiuza kuti timange khola la nkhumba za sukulu, ndikadaimba nyimbo zomwezo ndi mtima womwewo.

Koma mmene zaka zapitira ndazindikira kuti yankho limeneli nlosakwanira. Kodi dima lidalidi lodzifunira? Amene mudakulira kumudzi mukudziwa kuti munthu wokana madima a anzake sankamangidwa, koma ankalangidwa ndithu. Tsiku limene iye adzaitane, anthu ankapezeka kuti atanganidwa. Maliro akamugwera, adzukulu ankakumba manda mwaulesi. Mnzako akapsa ndevu mzimire, ankatero akuluakulu, ndipo mwambiwo sutha usanakukumbutse kuti mawa adzazima zako. Mwana sankafunsidwa ngati akufuna kukatungira madzi agogo ake kapena ayi, ankangotumidwa. Choncho kukakamiza kudalipo m'dima momwe. Ngati kukakamiza kokha ndiko kumaononga thandizo, ndiye kuti makolo athu sadathandizanepo chiyambire, ndipo ichi palibe angachivomere.

Padalinso munthu wina wanzeru wakale, Aristotle wa ku Greece, amene adakhala ndi moyo kuyambira 384 mpaka 322 Yesu asanabadwe. Iye ankaona kuti khalidwe labwino silibadwa ndi munthu ndipo sililowa m'mutu ngati masamu. Limadza ndi chizolowezi, monga mmene luso la mmisiri limadzera pogwiragwira zipangizo. Mwana amayamba wachita chabwino asanadziwe chifukwa chake, mtima nkumatsatira pambuyo. Maganizo amenewa sali kutali ndi mmene amayi athu adatilerera. Adatikakamiza kugwada popereka madzi kwa mlendo tisanadziwe tanthauzo la ulemu, ndipo lero timagwada osauzidwa. Ngati zili choncho, sukulu siilakwa potuma ana kukagwira ntchito kumudzi. Funso likhale lakuti: kodi chizolowezi chimene ikuwapatsacho nchotani? Pakuti munthu akhoza kuzolowera kuthandiza, koma akhozanso kuzolowera kuonetsa ngati akuthandiza, ndipo zizolowezi ziwirizi zimayambira pa khasu limodzi lomwelo.

Chimene chidanditsegula maso si mabuku ayi, koma mnzanga wina amene tinkagona naye chipinda chimodzi. Iye adali mnyamata wofatsa, wosatchuka m'kalasi ngakhale pabwalo la mpira, ndipo dzina lake silinkamveka m'kalabu iliyonse. Ndiye yekha mwa ife tonse amene adamva zimene gogo uja adanena tsiku lotsiriza, alendo atapita. Gogoyo akuti adayang'ana nyumba yatsopanoyo nati chapansipansi, "Ana awa atopa. Koma ine chimanga chikucha ndipo nkhokwe yanga idagwa." Loweruka lotsatira mnzangayo adazemba, adakadula nsungwi kudambo nayamba kuluka nkhokwe. Ankapita Loweruka lililonse mpaka idatha. Tsiku lina adamugwira akubwerako, ndipo popeza mudziwo udali kunja kwa malire a sukulu, adampatsa chilango chozula chitsa kuseri kwa khitchini. Taganizani: ntchito yosafunika imene tidagwira molamulidwa idatipatsa mayamiko pamaso pa alendo, koma ntchito yofunika imene iye adagwira mwa yekha idampatsa chitsa. Sindikuti aphunzitsi adali oipa mtima. Lamulo la malire lidali ndi chifukwa chake, ndipo iwo sadafunse kumene ankapita, monganso ife sitidafunse gogo chimene ankasowa.

Nthawi ina, titapempha chilolezo bwinobwino, ndidamperekeza. Ndidapita chifukwa cha manyazi, osati chifundo. Tidathandiza gogo kututa chimanga kuchokera kumunda nkuthira m'nkhokwe ija. Titamaliza adatiyalira mphasa, natulutsa mbale ya maungu ophika ndi chikho cha thobwa. Ine ndidayang'ana kanyumba kaja, ndidayang'ana nsalu yake yong'ambika, ndipo ndidati mumtima, si bwino kudya chakudya cha munthu wosauka chonchi. Ndidati, "Zikomo agogo, ife takhuta, tadya kusukulu." Nkhope yake idasintha. Adandiyang'ana nthawi yaitali nati, "Mdzukulu wanga, wandigwirira ntchito m'munda mwanga, ndiye ukukana chakudya changa? Kodi wandiyesa wopemphapempha?" Mnzanga uja adali atasamba kale m'manja, akudya dzungu lachiwiri. Adandigunda ndi chigongono, ndipo ndidadya. Gogo adakhala pansi natifotokozera za mudzi umenewo, za njala ya 1949 ndi mmene anthu adapulumukira, za amuna ake amene adapita ku migodi ya ku Joni nabwerako ndi chifuwa. Ndidaphunzira zambiri masana amenewo kuposa zimene ndidaphunzira sabata yonse yomanga nyumba.

Kuyambira tsiku limenelo ndidayamba kuona kuti kusiyana kwa dima ndi thangata sikuli pa kukakamiza. Kuli pa malo amene wothandizidwayo waima. Pa dima mwini munda ndiye amaitana, ndiye amaloza poyambira ndi polekezera, ndipo pamapeto pake ndiye amadyetsa anthu. Amakhalabe mwini, munthu wokhala ndi mawu ndiponso wokhala ndi chopatsa. Olimawo amachoka atalandira, ndipo ngongole imazungulira mudzi wonse, moti palibe amene amakhala wopatsa masiku onse kapena wolandira masiku onse. Kupatsa nkuika. Pa thangata wa atsamunda, wogwira ntchito ndiye adalandidwa mawu. Pa nyumba yathu ya m'mbali mwa msewu zinthu zidatembenuka, koma chilema chake chidali chomwecho: wolandidwa mawu adali wothandizidwayo. Tidamusandutsa chifukwa chogwirira ntchito, monga mmene bolodi limakhalira chifukwa chogwirira choko. Ntchitoyo tinkagwirira maso a alendo, lipoti la aphunzitsi ndi makalata athu a umboni. Tidatenga umphawi wake nkuugwiritsa ntchito, ndipo iye adatilola mwaulemu. Ndikaganiza bwino, pa sabata imeneyo gogoyo ndiye adatithangata ife.

Wina anganditsutse nati, kodi si zoona kuti Sabata ya Achinyamata idasiya zipinda zophunziriramo, milatho ndi misewu imene anthu adapindula nayo zaka zambiri? Nzoona, ndipo sindikufuna kunyoza thukuta la anthu amene adaumba njerwa zimenezo. Pamene mudzi udakhala pansi nkugwirizana kuti ukufuna mlatho, ana a sukulu nkudzathandiza kunyamula miyala, limenelo lidali dima lenileni ngakhale belu ndilo lidawasonkhanitsa. Wina anganenenso kuti, pakadapanda lamulo lija, kodi mnzako uja akadamudziwa bwanji gogoyo? Apa ndiye ndilibe choyankha koma kuvomera. Ife tidali ana a sukulu yogonera komweko, otchingidwa ndi mpanda, odzimva kuti ndife osankhika chifukwa malo a ku sekondale adali ochepa kwambiri masiku amenewo. Tinkadutsa midzi ija ngati alendo ochokera kutali, chonsecho tidabadwira m'midzi yonga yomweyo. Popanda kutikankha, ambiri a ife sitikadaponda pabwalo la gogoyo. Lamulo lidatifikitsa pakhomo anyamata ndi atsikana okwana kalasi lathunthu, ndipo mmodzi adamva. Kodi mmodzi ngwochepa? Sindikudziwa ngati popanda lamulolo akadapezeka ngakhale mmodziyo.

Nkhaniyi si ya kwathu kuno kokha, ndiponso si yakale yokha. Ku America, boma la Maryland lidakhazikitsa lamulo m'chaka cha 1992 lakuti wophunzira asatsirize sekondale asanagwire ntchito yothandiza anthu kwa maola 75, ndipo kumenekonso anthu adatsutsana ngati chifundo chingawerengedwe ndi wotchi. Kuno kwathu Sabata ya Achinyamata idapita, koma makalabu akadalipo, ndipo ana a sekondale amapitabe kukasesa kuzipatala, kukabzala mitengo ndi kukacheza ndi ana amasiye. Chimene chawonjezereka nchakuti masiku ano amajambulitsa. Ndimaona zithunzi za ana ovala bwino atazungulira nkhalamba imene yanyamula paketi ya shuga, ndipo ndimakumbukira khomo lija lopenya kumsewu. Kale tinkamangira m'mbali mwa msewu kuti a m'galimoto aone. Lero msewuwo uli m'foni.

Tsono maganizo anga ndi awa. Sukulu ili ndi ufulu, mwinanso udindo, wotulutsa ana kumpanda nkuwafikitsa kumene kuli anthu osowa, ngakhale anawo asakufuna. Miyendo ikhoza kulamulidwa. Koma sukulu ikangolekera pamenepo, yaphunzitsa theka loopsa la phunzirolo, pakuti mwana amabwerako akudziona ngati mpulumutsi, atazolowera kuchitira anthu zinthu popanda kuwamva. Ana otere akakula ndiwo amakhala m'maofesi nkumakonzera midzi zitukuko zimene midziyo sidapemphe, zitsime zokumbidwa pamene amayi safuna kutungapo ndi misika yomangidwa pamene palibe wogulitsa, kenaka nkumadandaula kuti anthu akumudzi ngosayamika. Safunsa adadya phula. Theka linalo, limene silitenga ndalama ngakhale tambala imodzi, ndilo kuphunzitsa mwana kuima pabwalo nkunena kuti odi, kudikira kuti amuyankhe, kukhala pansi, kufunsa chimene mwini khomo akufuna, ndi kulandira chimene mwini khomoyo wamupatsa, kaya ndi dzungu, kaya ndi nkhani, kaya ndi chidzudzulo chakuti udzu ngwauwisi. Aphunzitsi otsogolera makalabu akadayamba ndi tsiku limodzi lopita kumudzi manja ali m'thumba, popanda khasu ngakhale kamera, kukangomva, masiku enawo akadakhala a dima.

Nanga funso langa lija, lakuti wothandiza molamulidwa wathandiza kapena ayi? Ndikuyankha kuti lamulo palokha silipanga thandizo ndipo silithanso kuliononga. Wolamulidwa amene wamva mwini khomo wathandiza. Wodzifunira amene sadamumve wangodzisangalatsa yekha. Pa muyeso umenewu, sabata yonse ya mu 1978 sindidathandize munthu aliyense, ndipo tsiku limodzi lotuta chimanga ndidayamba kuthandiza pamene ndidasamba m'manja nkutenga dzungu lija.

Gogoyo adamwalira ife tili Fomu 4. Mnzanga adapempha chilolezo nakakhala nawo pamaliro. Ine ndidatsala ndikuwerengera mayeso. Titalandira makalata athu a umboni tidaonetsana, monga ankachitira anyamata. Yanga idali ndi mawu aja a kudzipereka pa ntchito zothandiza anthu, chifukwa dzina langa lidali m'kaundula wa makalabu atatu. Yake idangoti adali mnyamata wachete amene nthawi ina adalangidwapo chifukwa chotuluka malire. Iye adaseka, naipinda, naiika m'thumba la malaya. Ine yanga ndidaisunga, ndipo idandithandiza kupeza malo amene ndidapeza. Ndikaitulutsa m'bokosi muja sindiing'amba, pakuti zimene ikunena zidachitikadi. Koma ndimadziwa mwini wake weniweni wa chiganizo chotsirizacho.